Kwa achemwali ofunsa za DSSAT, APSIM ndi AquaCrop pa kafukufuku wa chimanga

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga. Mwati muli pa digiri yachiwiri ya zaulimi, ndipo mukufuna kufufuza kuti kuchedwa kubzala ndi kuperewera kwa feteleza zikugwetsa bwanji zokolola za chimanga ku Chipata ndi ku Katete. Aphunzitsi okuyang'anirani akuti mugwiritse ntchito modelo ya pa kompyuta yoyerekezera kakulidwe ka mbewu, ndiye mwasokonezeka pakati pa DSSAT, APSIM ndi AquaCrop. Mwanenanso kuti laputopu yanu ndi yakale, ndalama zogulira pulogalamu mulibe, ndipo mwatsala ndi chaka chimodzi.

Ine ndikuti tengani DSSAT. Ndifotokoza chifukwa chake, koma dziwiranitu kuti kusankha pulogalamu ndi kachigawo kakang'ono ka ntchitoyi. Miyezi yanu yambiri ithera pofunafuna deta ya mvula, ya dothi ndi ya m'munda, ndipo m'pamene ndikufuna kukhalitsa.

Za ndalama musade nkhawa. Mapulogalamu atatu onsewa mumawatenga ulere ngati ndi a kafukufuku wa sukulu. Laputopu yakale ikwanitsa, pakuti kuyerekezera zaka 30 za munda umodzi sikutenga ngakhale nthawi yowiritsira madzi a tiyi. Chofunika n'chakuti ikhale ya Windows, chifukwa DSSAT mmene ophunzira ambiri amaigwiritsira ntchito imayendera pamenepo.

AquaCrop ndi ya FAO, inatuluka mu 2009, ndipo ndiyo yosavuta kuphunzira pa zitatuzi. Nkhani yake ndi madzi: mbewu yamwa madzi ochuluka bwanji, yatulutsa zokolola zochuluka bwanji. Mukanakhala kuti mukufufuza za kuthirira m'madimba kapena za ng'amba yokha, ndikanati yambani lero lomwe. Vuto lake pa funso lanu n'lakuti siwerengera mmene nayitrojeni amayendera m'dothi. Mumangoiuza kuti chonde ndi chochuluka, chapakati kapena chochepa. Simungaifunse kuti chingachitike n'chiyani mlimi akathira matumba awiri a urea m'malo mwa anayi, kapena akachedwa kuthira feteleza wapamwamba ndi masabata atatu, pomwe funso lanu lagona pomwepo.

APSIM ndi ya ku Australia, ndipo ndi yamphamvu kwambiri pa kasinthasintha wa mbewu, kubzala mosakaniza ndi kusiya mapesi m'munda. Amene akufufuza za chimanga chotsatana ndi nsawawa kapena soya, kapena za gliricidia ndi sesbania zimene zinayesedwa zaka zambiri ku Msekera, siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi ya ku Chipata, ameneyo apite ku APSIM. Koma imafuna nthawi kuti munthu aizolowere, ndipo pena mumakakamizika kulemba timalamulo ta pa kompyuta. Ndi chaka chimodzi chokha, ine sindingakulimbikitseni, pokhapokha ngati aphunzitsi anu amaidziwa bwino ndipo akhala nanu pambali.

DSSAT ili ndi modelo ya chimanga yotchedwa CERES-Maize, imene imawerengera tsiku ndi tsiku kutentha, dzuwa, madzi a m'dothi ndi nayitrojeni. Tsiku lobzala, kuchuluka kwa mbewu pa hekitala, mtundu wa feteleza ndi tsiku lomuthira, zonsezi zili ndi malo ake olembapo. Chinanso, ofufuza a muno mu Zambia anaigwiritsapo kale ntchito pa chimanga ku siteshoni ya kafukufuku ya Mount Makulu, kufupi ndi Lusaka, ndipo zolemba zawo zinasindikizidwa, ndiye muli ndi poyambira komanso anthu owafunsa. Mawa mukadzafuna kuwonjezera nsawawa kapena soya, mudzapezamo modelo yake yotchedwa CROPGRO.

Tsopano za nyengo. DSSAT imafuna zinthu zinayi za tsiku lililonse: mvula, kutentha kwapamwamba, kutentha kwapansi ndi mphamvu ya dzuwa. Pitani ku Zambia Meteorological Department ndi kalata ya ku dipatimenti yanu, mupemphe deta ya ku Msekera ndi ya pa bwalo la ndege la Chipata. Kalatayi lembani sabata ino, chifukwa zopempha zotere zimatenga nthawi. Mudzapeza masiku ena opanda kanthu. Pamenepo musalembe 0, chifukwa modelo idzaona ngati tsikulo mvula sinagwe, ndipo idzakupangirani chilala chimene kunalibe. Mu DSSAT malo osowa deta amalembedwa -99, ndipo WeatherMan, imene ili m'kati mwake, imathandiza kuona mipatayo ndi kuitseka.

Potseka mipata anthu amathamangira ku NASA POWER, deta ya nyengo ya pa intaneti imene imagawa dziko m'mabokosi, bokosi lililonse n'kukhala ndi nambala imodzi. Ndi yabwino pa mphamvu ya dzuwa, imene masiteshoni athu ambiri sayeza. Koma bokosi lake limodzi la nyengo ndi lalikulu makilomita oposa 50 mbali iliyonse. Chipata ili pamtunda wa mamita oposa 1,000, pomwe Mfuwe, m'chigwa cha Luangwa, ili pafupifupi theka la pamenepo, ndipo aliyense amene anatsikirako ku chigwa cha Luangwa mu Okutobala akudziwa kusiyana kwa kutentha kwake. Bokosi lotere likhoza kusakaniza mtunda ndi chigwa. Pa mvula, CHIRPS, deta ina ya pa intaneti yochokera ku masetilaiti ndi masiteshoni, ili bwinoko: imayambira mu 1981 ndipo bokosi lake ndi la makilomita pafupifupi 5. Komabe mvula yake ya tsiku ndi tsiku inachita kugawidwa kuchokera ku chiwerengero cha masiku asanu, ndiye pa kuwerenga masiku a ng'amba muzisamala nayo. Ikani CHIRPS pambali pa deta ya ku Msekera kwa zaka zimene zonse zilipo, muone ngati zikugwirizana, ndipo zimene mwapezazo mulembe mu lipoti lanu. Oyesa mayeso amakonda kufunsa zimenezi.

Dothi ndilo limene ophunzira ambiri amalinyozera. Amatenga dothi lililonse limene lili kale mu pulogalamu, la ku America kapena kwina, n'kupitirira. Modelo ili ngati chigayo: mukathira chimanga chofumbwa, ufa wake udzakhala wofumbwa ngakhale chigayocho chikhale chatsopano. Katondo wofiira wa kufupi ndi Chipata ndi mchenga umene mumaupeza m'minda ina ya ku Katete sizisunga madzi mofanana, ndipo ng'amba ya masabata awiri mu Januwale imene chimanga cha pa katondo chingapirire ikhoza kufotetsa cha pa mchenga. Kumbani dzenje lakuya mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, mutenge dothi m'magawo, mwachitsanzo masentimita 20 alionse, mukaliyezetse ku labu ya ZARI, bungwe la boma la kafukufuku wa zaulimi, kapena ya ku UNZA. Mukufuna kudziwa kuchuluka kwa mchenga ndi dongo, kaboni wa zowolerana, pH, nayitrojeni ndi kulemera kwa dothilo. SBuild, chida cha dothi cha mu DSSAT, imatenga manambala amenewa n'kuwerengera madzi amene gawo lililonse lingasunge. Ndalama zikavuta, SoilGrids ya ISRIC ndi iSDAsoil, zimene ndi mapu a dothi, zilipo pa intaneti ulere, koma zimenezo ndi zongoyerekezera nazonso. Ndi bwino kuyeza minda iwiri mokwanira kusiyana ndi kulemba minda 20 imene simunapondemo.

Gawo lovuta kwenikweni ndi kuphunzitsa modelo mtundu wa chimanga chanu, chimene anzanu amachitcha calibration. CERES-Maize imadziwa mbewu iliyonse ndi manambala asanu ndi limodzi: P1, P2, P5, G2, G3 ndi PHINT. Yambani ndi nthawi, zokolola zibwere pambuyo. P1 ndi P2 zimalamula nthawi imene chimanga chimasule, P5 imalamula nthawi yochokera pa kutuluka kwa ndevu kufika pa kukhwima, PHINT imalamula nthawi ya pakati pa kutuluka kwa tsamba limodzi ndi lotsatira. Masiku amenewa akagwirizana ndi a m'munda, m'pamene mugwire G2, kuchuluka kwa njere pa phesi limodzi, ndi G3, kufulumira kwa njere kudzaza. Mukayambira ku zokolola mudzapeza nambala yooneka bwino pa zifukwa zolakwika, ndipo mukangosintha tsiku lobzala zonse zidzabalalika. Muli chida chotchedwa GLUE chimene chimayesa manambalawa kambirimbiri pachokha. Chigwiritseni ntchito, koma zimene chatulutsa muziunike ndi nzeru za ulimi zimene muli nazo kale. Mbewu yocha msanga singakhale ndi manambala ofanana ndi yochedwa kucha.

Kuti zimenezi zitheke mukufunika munda umene unalembedwa bwino: tsiku lobzala, tsiku lomera, tsiku limene theka la mbewu linamasula ndi kutulutsa ndevu, tsiku limene kadontho kakuda kanaoneka patsinde pa njere, kulemera kwa mapesi ndi njere. Apa m'pamene Msekera ingakupulumutseni. Pitani nokha, mukapereke moni, mufotokoze zimene mukufufuza, mufunse ngati pali deta ya minda yoyesera ya zaka zam'mbuyo imene angakuloleni kugwiritsa ntchito. Amene anatopa ndi dzuwa polemba manambalawo muwatchule mu lipoti, ndipo ngati mudzasindikiza pepala kambiranani nawo poyambirira za maina. Deta yophunzitsira modelo ichokere ku munda wodyetsedwa bwino, wopanda udzu ndi matenda. Kenaka muyese modeloyo pa chaka china kapena munda wina umene sinauonepo. Kuphunzitsa ndi kuyesa pa deta imodzimodzi ndi chimene chimagwetsa ambiri pa tsiku loteteza kafukufuku. Poonetsa kugwirizana kwake musadalire R² yokha. Onetsani RMSE, nRMSE ndi d ya Willmott, miyeso yoonetsa mmene manambala a modelo ayandikirira a m'munda. Ofufuza ambiri amati nRMSE yosafika 10 peresenti ndi yabwino kwambiri, ya pakati pa 10 ndi 20 ndi yabwino, yopitirira 30 ndi yosadalirika.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamasokoneza. Zokolola zimene DSSAT imatulutsa ndi za njere zouma gwa, zopanda chinyezi n'komwe. Chimanga cha kumsika, monga chimene FRA imagula, chimawerengedwa pa chinyezi cha 12.5 peresenti. Makilogalamu 4,000 a mu modelo ndi pafupifupi 4,570 pa sikelo, ndiye kuti matumba 91 m'malo mwa 80. Mukaiwala kusintha, mudzaiimba mlandu modelo pachabe. Chimodzimodzinso feteleza: modelo imafuna nayitrojeni weniweni, osati matumba. Mlingo wodziwika wa makilogalamu 200 a D Compound ndi 200 a urea pa hekitala umapereka 20 kuphatikiza 92, amene ndi makilogalamu 112 a nayitrojeni. Alimi athu amayankhula za lima, ndipo malima anayi ndiwo hekitala imodzi, choncho pofunsa m'midzi funsani matumba pa lima, muzikasintha nokha kunyumba.

Zikatheka zonsezi, gawo lokoma ndi Seasonal Analysis, chida cha mu DSSAT choyesera zaka zambiri. Mumatenga zaka 30 za nyengo, masiku obzala kuyambira pakati pa Novembala mpaka kumayambiriro a Januwale, ndi milingo ingapo ya feteleza, n'kuisiya kompyuta iyese zonse. Chonde musangotipatsa avareji. Mlimi wa ku Kagoro kapena ku Chiparamba sadya avareji ya zaka 30. Iye akufuna kudziwa kuti pa zaka khumi, ndi zingati zimene angalephere kubweza ndalama ya feteleza akabzala Khirisimasi itadutsa. Onetsani zaka zoipa padera. Onani ngati modelo yanu ikugwetsa zokolola mu 1991/92 ndi mu 2023/24, chaka cha El Niño chimene a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga ataonongeka. Ngati zaka zimenezo modelo ikukolola bwinobwino, bwererani ku deta ya mvula ndi dothi musanalembe chilichonse.

Mulembenso poyera zimene modelo siona. Mbozi za ntchemberezandonda zimene zinalowa muno kumapeto kwa 2016, kaufiti, chiswe, udzu wochedwa kupalira chifukwa banja linali kumaliro kapena kuganyu, zonsezi CERES-Maize siziwerengera payokha. Imaganizanso kuti fosifolasi ndi potaziyamu n'zokwanira ngati simunaiuze zina. N'chifukwa chake zokolola zake nthawi zambiri zimaposa za m'munda wa mlimi. Kusiyana kumeneko musakubise ndipo musakukonze pokhotetsa manambala a mbewu. Kufotokozeni, pakuti nakonso ndi chimodzi mwa zimene mwapeza. Khalani pansi ndi alangizi a kampu ndi alimi angapo, muwaonetse zotsatira, mumve chimene chimawachedwetsa kubzala. Mwina ndi ng'ombe zobwereka, mwina ndi mbewu ndi feteleza wa FISP zofika mochedwa. Malangizo akuti bzalani msanga kwa munthu amene akudikira pulawo ya mnzake sathandiza, ndipo lipoti lanu lizisonyeza kuti mukudziwa zimenezo.

Za zida zina ndingonena mwachidule. Phunzirani pang'ono pulogalamu ya R yojambulira magirafu, ndipo ili ndi mapaketi otchedwa nasapower ndi chirps okokera deta mosavuta. QGIS ikwanira pa mapu, Zotero pa mabuku amene mwawerenga. Nthawi iliyonse mukasintha nambala mu modelo, lembani m'kope tsiku, chimene mwasintha ndi chifukwa chake. Mafayilo anu akhale malo atatu, pa laputopu, pa fulashi ndi pa intaneti, poti malaiti athu mukuwadziwa.

Ngati ku Msekera deta yokwanira sipezeka ndipo mukuyenera kubzala munda wanuwanu, musadikire kuti mudziwe kaye pulogalamu. Dothi mutenge mu Okutobala mvula isanagwe, muike choyezera mvula pamunda pomwepo, mubzale katatu motalikana masabata awiri ndi milingo itatu ya feteleza, umodzi wake ukhale wopanda feteleza n'komwe. DSSAT muziiphunzira madzulo chimanga chikukula. Mukakonza fayilo yanu yoyamba ya nyengo ndi ya dothi, ziikeni muno ndizione musanayambe calibration, ndipo mutiuze mtundu wa mbewu imene mwasankha.