Amayi tiwatenge, koma tamva kaye za menyu

Eee, mwaswera bwanji nonse m'gulu muno. Pepani ndayankha mochedwa, netiweki kuno kwa Kamwendo lero ikungobwera n'kuthawa. Iwe mlongo wanga, uthenga wako ndaumva kawiri. Ukuti mwezi wamawa amayi akukwanitsa zaka 70, ukufuna tikawadyetse ku resitilanti ya Ataliyana ya kumayadi ku Lilongwe, koma ukuopa kuti mwina sakadya, ndiponso iwe mwini menyu yake sudziwa poyambira.

Tiwatenge. Ndiyambe ndi pamenepo. Usabwerere m'mbuyo ayi.

Paja ine ndinagwira zaka 6 m'khitchini ya malo otere, ndiye tamvera bwino. Choyamba ndi tsiku. Amayi ndi a Sabata, ndiye Lachisanu madzulo ndi Loweruka iwala. Tipite Lamulungu masana. Uimbe foni masiku awiri kapena atatu tsikulo lisanafike, ufunse ngati amatsegula, ubukitse tebulo, uwauze kuti tikubwera ndi munthu wamkulu atipatse pamalo opanda masitepe ambiri, makamaka panja pamthunzi. Maondo aja ukuwadziwa.

Tsopano menyu. Ataliyana chakudya amachigawa m'magulu, ndipo chimabwera motsatana, osati zonse pamodzi ngati nsima ndi ndiwo. Pamwamba uona polembedwa antipasti, timeneto ndi toyambira. Kenako primi, ndiwo ma pasta ndi mpunga wawo uja amati risotto. Kenako secondi, nyama kapena nsomba. Contorni ndi zapambali, masamba, mbatatesi. Dolci ndi zotsekemera zomalizira. Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa: munthu aitanitsa nyama ya pa secondi, mbale ibwera ili ndi nyama yokhayokha ndi katsamba pamwamba, iye n'kumadikira mpunga womwe sukubwera. Ufunse weita kuti imeneyi ikubwera ndi chiyani. Ndipo palibe lamulo loti udye magulu onse asanu. Mbale imodzi yaikulu aliyense, choyambira chimodzi chogawana, basi mwakhuta.

Koma chimene ndikufuna ugwiritsitse ndi nkhani ya nkhumba. Chakudya cha Chitaliyana nkhumba imabisala m'maina. Ukaona prosciutto, pancetta, guanciale, salame, zonsezo ndi nkhumba. Carbonara ija anthu amaikonda, ndi mazira, tchizi, tsabola wakuda ndi nyama ya nkhumba, chakudya cha ku Rome chimenecho. Ngakhale bolognese ndi lasagne usangoti poti ndi nyama yogaya ndiye ndi ng'ombe, ophika ambiri amasakaniza ndi ya nkhumba kuti msuzi ukome. Ine ndimene ndinkagaya, ndikudziwa. Gamberi ndi calamari ndi za m'nyanja zopanda mamba, amayi sadya. Risotto kawirikawiri amathiramo vinyo woyera akangokazinga mpunga. Tiramisu muli khofi, ena amathiramonso mowa. Ndiye ungofika n'kuuza weita momveka kuti mayi awa sadya nkhumba, samwa khofi, za mowa ayi. Ulankhule Chichewa, weitayo ndi mwana wa kwathu konkuno, mwina wa ku Nsundwe kapena kwa Kapiri. Ukamuuza choncho amakafunsa kukhitchini, ndipo ife tinkasangalala munthu akanena msanga kusiyana n'kubweza mbale.

Nanga adye chiyani? Poimba foni paja ufunse ngati ali ndi polenta. Mlongo wanga, polenta ndi nsima. Ufa wa chimanga chachikasu, wokhakhala ngati mgaiwa, amautakasa pamoto nthawi yaitali, kungoti iwo amathira mchere, batala ndi tchizi. Kumpoto kwa Italy ndi chimene alimi osauka ankadalira. Tsiku loyamba kuiona ndinaima n'kuyang'ana wophika wamkulu akuvundula ndi mthiko, mtima wanga unakhala m'malo, ndinati kodi anthu awa ndi abale athu. Si malo onse amaiphika, koma ikapezeka, amayi adye imeneyo ndi nkhuku yowotcha kapena chambo ngati chilipo. Ikasowa, pali gnocchi, amatchula kuti nyoki. Ndi timibulu tofewa ta mbatata ya kachewere yosakaniza ndi ufa watirigu, m'msuzi wa tomato. Tofewa bwino, mano awo aja savutika.

Pasta ukaitanitsa, dziwa kuti iwo amaphula ikadali kolimbirako pakati, amati al dente. Amayi akangoluma anena kuti sinapse. Uwapemphe aisiye pamoto pang'ono. Nyama ya ng'ombe chimodzimodzi, unene kuti well done, apo ayi ibwera yofiira m'kati ndipo chakudya chonse chithera pomwepo.

Pakati pa tebulo tiike pizza imodzi ya margherita, yopanda nyama iliyonse: tomato, tchizi choyera cha mozzarella ndi masamba onunkhira a basil. Kufiira, kuyera, kubiriwira, mitundu ya mbendera yawo. Amati inatchedwa dzina la mfumukazi Margherita atapita ku Naples mu 1889. Ndikuifuna chifukwa imeneyi imadyedwa ndi manja, ngakhale eni ake amatero.



Za manjazi ndi zimene zikundikhudza kwambiri. Tsiku lina ndili pa kazenera kotulutsira mbale ndinaona mnyamata wina atabwera ndi mayi ake, ovala chilundu chatsopano, duku lomanga bwino. Anawaitanitsira spaghetti. Mayi aja anayesa ndi foloko kawiri, zingwe zija zikuterereka, msuzi unadonthera pa bulauzi. Anaika foloko pansi, manja n'kuwabisa pansi pa tebulo. Mwana wawo maso pa foni, ngati sakuona, manyazi atamugwira. Mbale ija inabwerera kwa ine yosakhudzidwa, ndinaiika m'kabokosi misozi ili m'maso. Mpaka lero nkhope ya mayi aja ndimaiona. Ndiye spaghetti kwa amayi ayi. Ndipo ukangokhala pansi upemphe madzi osamba m'manja, usambe ndiwe poyamba, unyeme buledi ndi manja, uviike m'mafuta a olivi aja amaika m'kambale, iwo aone kuti palibe cholakwa. Ine ndikhala pambali pawo.

Taganiza, amayi athu aja chibadwire chathu sitinawaonepo atakhala pansi wina n'kuwabweretsera mbale. Pa ukwati wako anali kumafuwa, pa maliro a abambo anali kumafuwa, kunyumba amadya pomaliza, nthawi zina nkhoko zokha ataimirira. Ine sindikufuna akadabwe ndi magalasi kapena nsalu zoyera za pa tebulo. Ndikufuna maola awiri akhale phee, wina awafunse kuti amayi mukufunanso chiyani. Chakudya cha kumeneko chimachedwa dala, mbale ina ichoke ina ibwere, ndiye usamayang'ane wotchi.

Za ndalama ndinene mwachidule. N'kodula, tisanamizane. Tchizi, mafuta a olivi, pasta weniweni wa tirigu wa durum, zambiri zimachokera kunja, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu mitengo imasinthasintha. Uwapemphe akutumizire menyu pa WhatsApp tiwerengeretu, ufunsenso ngati msonkho wa VAT uli kale m'mitengomo. Chimene chimakweza bilu ndi zakumwa. Akakufunsa za madzi unene still, chifukwa sparkling ndi a gasi aja osatsekemera, amayi angolavula. Pomaliza tiwagulire gelato, ayisikilimu wawo, wa vanila. Weita akatisamala bwino umusiyire kangachepe m'manja, malipiro awo ndi ochepa, ndinali komweko. Koma bilu ikabwera usaitsegule pamaso pa amayi. Akangoona nambala ayamba kuwerengera matumba a feteleza, tulo osabwera sabata yonse. Udzuke ngati ukupita kukasamba m'manja ukalipirire ku kauntala.

Tinyamuke kuno cha m'ma 9 koloko atamwa phala, msewu wa Namitete uja tisathamange nawo. Loweruka dzuwa likalowa ndipita kukawaluka tsitsi, chitenje ndagula kale. Gawo langa ndikutumizira pa Mpamba mwezi ukatha. Achemwali a ku Kasungu, inunso tiuzeni ngati mukabwera ndi basi yam'mawa tikakumane ku depoti. Ndathawa kaye, kwabwera kasitomala.