Ana a sekondale angathandize bwanji ku Dzaleka?

Madamu, mwati ana anu a Fomu 3 akufuna kuthandiza anthu othawa kwawo, makamaka amene akudikira kusamutsidwira kumayiko ena, ndipo mukuganiza zosonkha zovala. Mtimawo ndi wabwino, koma zovalazo zibwere pambuyo.

Anawo ayambe adziwa kuti nkhani yotumiza munthu ku Canada kapena ku Australia ili m'manja mwa UNHCR, bungwe la United Nations loona za anthu othawa kwawo, ndi boma la dziko lomulandira. Salipiritsa, ndipo opita ndi ochepa kwambiri: padziko lonse safika ngakhale mmodzi pa othawa kwawo 100 alionse pachaka. Choncho pasapezeke mwana wolonjeza mnzake kuti "amalume anga akuyendetsera mapepala". Lonjezo lotere limapweteka munthu amene wadikira zaka ndi zaka.

Kampu ya Dzaleka ku Dowa inatsegulidwa mu 1994, pamalo pomwe panali ndende ya akaidi a ndale nthawi ya Kamuzu. Inakonzedwera anthu pafupifupi 10,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Saloledwa kukhala kunja kwa kampu. Paja mu 2023 boma linawachotsa m'matauni n'kuwabwezera komweko. Ndiye muli achinyamata obadwira momwemo, olankhula Chichewa ngati inu ndi ine, olemba MSCE yomweyi ya MANEB, koma akamaliza Fomu 4 amasowa kolowera.

Apa ndiye ana anu ali ndi chopereka. Limodzi mwa makomo ochepa otseguka ndi pulogalamu ya bungwe la ku Canada la WUSC, imene imatengera achinyamata okhoza bwino ku mayunivesite a ku Canada, ndipo osonkha ndalama zowalandirira ndi ophunzira anzawo akumeneko. Chofunika ndi magiredi abwino ndi Chingerezi chomveka. Mapepala a mayeso akale, mabuku a masamu ndi sayansi, debate pakati pa sukulu yanu ndi ya ku Dzaleka, kuwerengera limodzi Loweruka: izi n'zimene zingakankhe munthu. Komanso musadabwe anuwo atakagonja pa debate n'kubwerako ndi Chiswahili ndi Chifalansa chapamwamba. Kuli ana anzeru kumene kuja.

Musangotulukira ndi minibasi. Lembani kalata kwa akuluakulu oyang'anira kampu, ndipo mulumikizane ndi a Jesuit Refugee Service, amene amayendetsa sukulu za kumeneko. Makolo a ana anu asainire chilolezo. Mafoni akhale m'thumba; kujambula munthu akulandira thandizo n'kumuika pa Facebook n'kumuchotsa ulemu. Ndipo funso loti "unathawa bwanji kwanu?" lisatuluke pakamwa pa aliyense, mwiniwake akafuna adzanena yekha.

Ngati mukufuna kuti anawo ayambe aonako kaye, apititseni ku Tumaini Festival, chikondwerero cha nyimbo ndi ndakatulo chimene Menes la Plume, mlakatuli wothawa kwawo ku Congo, anayambitsa mu 2014 m'kampu momwemo. Mukakumananso ndi aphunzitsi akumeneko n'kupangana tsiku.