Yankho: Foni ya mayi omwe maso ayamba kuvuta

Achimwene, mwafunsa chochita ndi foni ya mayi anu poti maso awo ayamba kuvuta. Musathamangire kugula foni ina. Ngati ya mayi anuyo ndi ya Android, lowani ku Settings, kenako Accessibility, muyatse TalkBack. Pa iPhone amati VoiceOver. Foniyo imawerenga mokweza chilichonse chimene chala chakhudza, ndipo kuti chitseguke mumagogoda kawiri.

Bambo anga sabata yoyamba ankangoti foni yapenga, poti kugogoda kamodzi sikunkatsegulanso kanthu. Tinachepetsa liwiro la mawu, n'kukhala nawo madzulo angapo, dzanja langa litagwira chala chawo. Pano amaimba okha. Ngati mayi akuonako pang'ono, yambani n'kukulitsa zilembo basi.

Koma poti mwati akuona ngati chifunga, pitani nawo kwa dokotala wa maso msanga. Ikakhala ng'ala, imachotsedwa ndi opaleshoni.