Ana osadziwa tabuwada, tiwapatse masamu ovuta?

Mphunzitsi wina wa ku Ulónguè, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, wandilembera pa imelo. Akufuna kusonkhanitsa ana a kalasi 7 ochokera m'midzi ya ku Angónia ndi Tsangano, azigona pamodzi masabata atatu a tchuthi, iye aziwaphunzitsa masamu ozama. Anzake akumuseka, ati ana oti ngakhale tabuwada (ndandanda yoloweza ya kuchulukitsa manambala) sakuidziwa ungawapatse bwanji zapamwamba, yamba wawaloweza kuchulukitsa. Ndiye akufunsa ngati anzakewo akunena zoona.

Aphunzitsi, anzanuwo ndikuwadziwa ngakhale sindinakumane nawo. Mawu amenewo amamveka m'sukulu iliyonse kuyambira ku Zóbuè mpaka ku Furancungo, ndipo amene amawanena amaoneka ngati anzeru. Ine amandiwawa, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Zaka zapitazo ndinathandizako pa msonkhano wonga wanuwu, pa nyumba yogonera ana ya mishoni ina. Panali mtsikana wochokera kufupi ndi malire a Calómuè amene sanasankhidwe n'komwe. Anabwera chifukwa mwana wosankhidwayo anadwala malungo ndipo malo anatsala. Masamu kusukulu ankapeza 7 pa 20, pomwe wokhoza amayambira pa 10. Ankakhala kumbuyo, ukamufunsa kanthu n'kumangoyang'ana pansi. Loweruka ankagulitsa mbatatesi ndi mayi ake pamsewu, wina kulipira makwacha, wina mametikali, iye osasokoneza chenji.

Madzulo ena titadya ndinawapatsa funso. Tili anthu khumi, aliyense agwirane chanza ndi aliyense kamodzi, moni yense akhala ungati? Anyamata akutsogolo anakuwa kuti 100. Wina anati munthu sadzipatsa yekha moni, ndiye 90. Kenako anaimirira kuti ayese, chipinda chonse phokoso, kuseka, wina kupatsa mnzake moni kawiri, chiwerengero n'kutayika. Mtsikana uja anatuluka. Ndinkaganiza kuti wapita kukagona, koma anabwera ndi chimanga chodzaza dzanja kuchokera kukhitchini, n'kugwada pasimenti. Mzere woyamba anaika njere 9, wachiwiri 8, wachitatu 7, mpaka njere imodzi. Anati woyamba apatsa moni anthu 9 n'kukhala pansi, wachiwiri wamutsalira 8. Anawerenga n'kupeza 45.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga titakhala anthu 100?" Anakhala chete nthawi yaitali ndithu. Kenako anayala njere zina mofanana ndi zoyambazo koma mozondoka, n'kuzikankhira pamodzi. Mizere yonse inafanana: mizere 9, uliwonse njere 10. "Zathu ndi theka la izi," anatero. Za anthu 100 sanayale n'komwe. Anati mizere 99 ya njere 100 ndi 10,000 kuchotsapo 100, theka lake 4,950.

Nkhani imene amakonda kukamba ya Carl Friedrich Gauss, katswiri wa ku Germany wobadwa mu 1777, imati ali mwana anaphatikiza manambala kuyambira 1 mpaka 100 mwa kuwaika awiriawiri n'kupeza 5,050. Nzeru yake ndi yomweyi. Mtsikanayu anali asanamvepo za Gauss, ndipo 7 kuchulukitsa ndi 8 ankachita kuwerenga ndi zala.

Ndiye anzanuwo akulakwitsa, ndipo sindikufuna kunyengerera. Tabuwada ndi yofunika, inde, koma mwana amene wailephera zaka zonsezi chifukwa chobwerezedwa m'kalasi ya ana osefukira sangaikonde mukamubwereza masabata atatu ena. Mungomutsimikizira zimene akudziwa kale, zoti iye ndi wa kumbuyo. Akayamba kufuna yankho la funso limene lamugwira mtima, kuchulukitsako amakufunafuna yekha chifukwa kwamutsekera njira.

Komanso tisanamizane, malikisi a masamu kuno amayeza Chipwitikizi choyamba. Mwana amalephera funso asanafike pa manambala, wagwera pa chiganizo. Boma likudziwa zimenezi. Kuyambira 1993 mpaka 1997 linayesa kuphunzitsa m'zinenero ziwiri, Chinyanja kuno ku Tete ndi Changana ku Gaza, ndipo pambuyo pake njirayi inaloledwa m'sukulu za pulayimale. Koma sukulu zambiri zikadali pa Chipwitikizi chokha, ndipo ku sekondale, kumene kalasi 7 inasamukira mu 2023, nkhani ya Chichewa palibe. Choncho mukangolembera akuluakulu a sukulu kuti akutumizireni ana okhoza, mudzalandira ana a aphunzitsi, a anamwino ndi a eni magolosale, amene kunyumba amalankhula Chipwitikizi ndipo madzulo amalipiriridwa maphunziro apadera. Anawo alibe mlandu. Koma si amene mwanena m'kalata yanu.

Ku America kuli bungwe lotchedwa BEAM, limene Daniel Zaharopol analiyambitsa ku New York mu 2011. Limatenga ana a mabanja osauka amene amaliza kalasi 7, n'kukawagoneka pa koleji masabata atatu. Sawabwereza za kusukulu. Amawapatsa masamu a kaganizidwe ndi a kutsimikizira kuti chinthu n'choona, ndipo akabwerera kwawo amapitiriza kuwatsatira zaka zambiri. Ndalama zawo ife tilibe, koma mfundo yosabwereza za kusukuluyo siigulidwa.

Pali anthu ena amene amandikwiyitsa kuposa anzanu a tabuwada aja. Akamva zoti ana ndi a kumudzi amathamangira malichero ndi madengu. Paulus Gerdes, katswiri wa masamu amene anagwira ntchito ku Maputo zaka zambiri mpaka anamwalira mu 2014, anaonetsa bwino kuti m'kaluka ka madengu ndi m'zojambula pamchenga za Achokwe a ku Angola muli masamu enieni. Ntchito yake ndimailemekeza, ndipo bawo ndi ntchuwa zilowe ndithu m'maphunziro anu, chifukwa wosewera wabwino amadziwa dzenje limene njere yomaliza ikagwere asanayambe kutaya. Koma ena amathera pomwepo, ngati kuti mwana wa ku Domuè sayenera kumva funso lochokera kutali. Apatseni la katswiri wa masamu Christian Goldbach la mu 1742. Tengani manambala amene sagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni, monga 2, 3, 5, 7, 11, 13. Goldbach ndi katswiri mnzake Leonhard Euler ankakhulupirira kuti nambala iliyonse yogawika pawiri yoposa 2 imapangidwa pophatikiza awiri a manambala amenewa: 8 ndi 3 kuphatikiza 5, 20 ndi 7 kuphatikiza 13. Mpaka lero palibe amene watsimikizira. Mukawauza ana zoti ngakhale akatswiri a dziko lonse analephera, muone mmene amakhalira tsonga. Nthawi ija anyamata ena anachezera usiku ndi tochi kufunafuna nambala yoti imutsutse Goldbach, mpaka mayi oyang'anira nyumba anawalanda tochiyo.

Za nsima ndi zogona

Apa m'pamene misonkhano yotere imafera, osati pa masamu. Tchuthi chathu chachitali chimagwa mu Disembala ndi Januwale, nthawi yopalira, nkhokwe zili mbee, misewu ya ku Tsangano ili matope okhaokha. Kholo likamakana kupereka mwana si umbuli, m'munda mukufunika manja. Pitani nokha kwa makolo ndi kwa mfumu, musatumize kalata. Ana asalipire kanthu, ngakhale ya chapa (minibasi), apo ayi mubwereranso kwa ana a eni magolosale aja. Atsikana akhale theka, ndi mayi wamkulu wodziwika m'deralo wogona nawo, ndipo muwauze makolo dzina lake. Maneti a udzudzu mukonzeretu, ndipo mudziwe chipatala chapafupi.

Posankha ana, yendani m'sukulu ndi mafunso ochepa onga la moni lija, muwafunse m'Chichewa, ndipo muyang'ane amene sakusiya msanga, ngakhale yankho lake likhale lolakwika. M'mawa funso limodzi lalikulu m'magulu ang'onoang'ono, masana mpira, madzulo afotokozerane njira zawo m'chinenero chimene akufuna, kenako mulembe limodzi m'Chipwitikizi chifukwa mayeso adzawapeza m'menemo. Tabuwada muipatse mphindi zochepa patsiku ngati masewera. Ndipo musanawatulutse, gwirizanani ndi mphunzitsi mmodzi pa sukulu ya mwana aliyense woti muzimutumizira funso latsopano pa WhatsApp mwezi ndi mwezi, azikawalembera pabolodi.