Ndigule hops wowawa kapena wonunkhira?

Funso: Ndimagwira ntchito pa loji ina kuno ku Likhubula, nde alendo akatsika ku Sapitwa amakonda kufunsa mowa wofulula tokha, osati wa m'botolo. Ndayamba kuyesera ndi chimera cha balere chomwe mchimwene wanga amanditumizira kuchokera ku Joni, koma pano akuti ndisankhe hops (timaluwa tothira mu mowa kuti uwawe ndi kununkhira), mtundu wa Magnum kapena wa Saaz, ndalama ndi ya paketi imodzi basi. Ndigule uti? Wowerenga, Mulanje

Yankho: Achimwene, inu a kwa tiyi nkhaniyi siikuvutani ayi. Masamba a tiyi mukawawiritsa nthawi yaitali kafungo kaja kamathawa, kumatsala kuwawa kokhakokha eti? Hops nayenso ndi chimodzimodzi. Kuwawa kumachokera ku asidi wa mu hops wotchedwa alpha acid ndipo amafuna kuwira mphindi ngati 60 kuti alowerere bwino, pomwe fungo lili m'timafuta tomwe timauluka ndi nthunzi, nde wa fungo amaponyedwa mumphika kutatsala mphindi 5 kapena 10 kuti muphule.

Magnum ndi wa ku Germany, asidi wake amafika 12 mpaka 14 peresenti, magalamu 15 okha akwana kuwawitsa malita 20. Saaz wa ku Czech ali ndi 3 kapena 4 peresenti basi, kuti awawitse mofanana mukufunika kuthira pafupifupi kanayi, kapaketi katha tsiku limodzi, komanso kumuwiritsa ola lathunthu nkungotaya fungo lomwe mwalipirira.

Ine ndikanati muyambe ndi Magnum poti mowa wopanda kuwawa umangotsekemera ngati thobwa, alendo anuwo sabwereza. Koma ngati mchimweneyo angapeze Cascade wa ku America amuone kaye ameneyo, ali pakatikati, amawawitsa ndithu komanso amanunkhira ngati malalanje, paketi imodzi mumangoigawa, wina koyambirira wina kumapeto. Ku George ku South Africa komweko amalimanso wawo monga Southern Star ndi African Queen, afunseko mtengo. Zodzala kuno iwalani, chomerachi chimafuna dzuwa lochedwa kulowa la maiko akutali ndi equator.

Chinanso, paketi ikafika musaisiye pa shelefu ndi kutentha kwa Okutobala kuja. Imangeni mpweya usalowe, muike mufiriza. Mukadzatsegula nkumva kafungo ngati ka sokosi zakale, ameneyo wapita, musathire mumphika.