Maikolofoni yotsika mtengo yojambulira mawu ndi gitala pakhomo

Achimwene, mwafunsa kuti ndi maikolofoni iti yosaboola m'thumba imene mungagule kuti muzijambulira kuimba kwanu ndi gitala yanu yosalumikiza ku magetsi, ndipo mwafotokoza kuti mumakhala m'nyumba ya malata, ya simenti pansi, komanso kuti chipangizo chimene muli nacho ndi laputopu yokha. Mwatchulanso kuti maso anu ali pa maikolofoni ya BM-800, ija imagulitsidwa pamodzi ndi kabokosi kotchedwa V8. Langizo langa ndi lakuti mugule maikolofoni ya mtundu wa dynamic yokhala ndi polumikizira pawiri, pa USB ndi pa XLR (polowa chingwe cha mapini atatu chopita ku mikisa), ndipo ziwiri zimene ndingakutchulireni ndi mtima wonse ndi Samson Q2U ndi Audio-Technica ATR2100x-USB. Chimene chandichititsa kusankha zimenezi ndi chipinda chanucho, osati dzina la kampani.

Maikolofoni zojambulira nyimbo zimene mungazipeze mosavuta zili m'magulu awiri. Ya condenser ili ndi kachikopa kopyapyala kwambiri kamene kamanjenjemera ngakhale ndi kamawu kochepetsetsa, ndipo imafuna magetsi kuti igwire ntchito, kawirikawiri a mavoti 48 otchedwa phantom power, ochokera m'chipangizo chimene yalumikizidwako. Ya dynamic ili ndi koyilo ya waya imene imayenda pakati pa maginito, siifuna magetsi amenewo, ndipo inapangidwa kuti woimba aziyandikitsa pakamwa pake pafupi kwambiri. M'situdiyo imene makoma ake anakutidwa bwino, condenser imatulutsa mawu owala ndi omveka mwatsatanetsatane, n'chifukwa chake anthu ambiri amaisirira. Koma m'chipinda cha makoma opanda kanthu, mawu anu amagunda khoma, simenti ndi malata n'kubwerera, ndipo maikolofoni imatola mawu obwererawo pamodzi ndi tambala wa aneba, wailesi ya kuseri kwa mpanda ndi njinga yamoto yodutsa mumsewu. Phokoso likalowa m'zimene mwajambula, pulogalamu ya pakompyuta imangolichepetsa, ndipo mukailimbikitsa kwambiri imawononganso mawu anu enieniwo.

Pali mfundo imodzi imene ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa anthu ambiri amaifotokoza molakwika. Sikuti dynamic imadziwa kusiyanitsa mawu anu ndi phokoso. Ubwino wake ndi wakuti mumatha kuimbira pa mtunda wa masentimita 5 mpaka 10 popanda mawu kuwonongeka, pamene condenser nthawi zambiri imafuna kuti muime patali masentimita 15 mpaka 20 kapena kupitirira apo. Nthawi iliyonse imene mwachepetsa mtundawo ndi theka, mawu anu amakwera ndi madesibelo (muyezo wa kukwera kwa mawu) pafupifupi 6, pamene phokoso la m'chipinda limakhala chimodzimodzi. Ndiye mukayandikira, mumatsitsa gain, umene ndi mlingo wokwezera mawu olowa kuchokera m'maikolofoni, ndipo phokoso lija limatsika nalo limodzi. Maikolofoni ziwiri ndatchulazi zilinso za mtundu wa cardioid, kutanthauza kuti zimamva kwambiri kutsogolo ndipo kumbuyo zimamva pang'ono zedi, choncho mukailozetsa kumbuyo kwake ku windo kapena ku laputopu imene fani yake ikulira, mwapindulanso kachiwiri.

Tsopano za polumikizira pawiri paja. Lero mulibe audio interface, kabokosi kamene kamakweza mawu a maikolofoni n'kuwasandutsa manambala oti kompyuta iwerenge. Q2U ndi ATR2100x zili ndi zimenezi m'kati mwake, kotero mumangolumikiza chingwe cha USB ku laputopu n'kuyamba ntchito, ndipo magetsi akazima mumapitiriza ndi batire ya laputopuyo. Zonse ziwiri zili ndi polowetsa mahedifoni pathupi pake, kuti muzidzimva nthawi yomweyo popanda mawu kuchedwa, chinthu chofunika kwambiri pamene mukuimba motsatira gitala imene munajambula kale. Tsiku limene mudzagule interface, maikolofoni yomweyo mudzailumikiza ndi chingwe cha XLR, ndipo mukhozanso kupita nayo kutchalitchi kapena kuukwati n'kuilumikiza ku mikisa. Maikolofoni ya USB yokhayokha, monga Blue Yeti, ilibe mwayi umenewu, komanso Yeti ndi condenser. Pakati pa ziwirizi, ATR2100x imajambula pa 24-bit ndipo ili ndi USB-C, pamene Q2U imajambula pa 16-bit (manambalawa amasonyeza tsatanetsatane wa mawu osungidwa) ndipo nthawi zambiri imatsikirapo mtengo; zonse ziwiri zimabwera ndi kasitandi ka patebulo ndi zingwe za USB ndi XLR. Kusiyana kumeneku kusakusowetseni tulo. Tengani imene mwaipeza yeniyeni pa mtengo umene mungakwanitse. Ku America zonse ziwiri zinkagulitsidwa pa mtengo wosapitirira madola 100, koma muwerengerenso ndalama zotumizira ndi msonkho.

BM-800, imene ndi ya condenser, sindikukulangizani. Imapangidwa ndi mafakitale osiyanasiyana pansi pa mayina ambirimbiri, kotero ziwiri zooneka mofanana zikhoza kumveka mosiyana, ndipo zambiri zimakhala ndi kaphokoso ka "sss" kamene kamamveka bwino lomwe pamene mwasiya kuimba. Kabokosi ka V8 kanapangidwira kucheza ndi kuimba pompopompo pa intaneti, osati kujambula nyimbo yoti mudzaikonze bwino pambuyo pake.

Ngati ndalama zingalole kuti mugule interface panopa, njira ina yabwino ndi Behringer XM8500, dynamic yotsika mtengo kwambiri koma yodalirika, pamodzi ndi Behringer UMC22 kapena Focusrite Scarlett Solo. Shure SM58, imene inatuluka mu 1966 ndipo mpaka lero oimba akuigwiritsa ntchito pa nsanja padziko lonse, ndi yolimba kwambiri moti ikhoza kukutumikirani zaka makumi. Vuto lake ndi lakuti kutchuka kwakeko kwachititsa kuti zachinyengo zichuluke pamsika, ndiye mukaona SM58 yatsopano ikugulitsidwa pa theka la mtengo wake, ikayikireni. Dziwaninso kuti UMC22 ndi Scarlett Solo zili ndi polowetsa maikolofoni pamodzi pokha. Mukafuna kudzajambula mawu ndi gitala nthawi imodzi ndi maikolofoni ziwiri, mudzafunika Scarlett 2i2 kapena Behringer UMC202HD.

Pa gitala ndiyenera kunena chilungamo: apa condenser monga Audio-Technica AT2020 kapena Rode NT1 imaposa dynamic, chifukwa imatola bwino kulira kwa nsambo ndi kakhudzidwe ka zala. Komabe dynamic imatulutsa gitala yomveka bwino mukaiika pamalo oyenera. Musailozetse pa bowo la gitala, chifukwa pamenepo pamatuluka mawu a besi ochuluka amene amaphimba china chilichonse. Ilozetseni pamene khosi la gitala limakumana ndi thupi lake, pa mtunda wa masentimita 15 mpaka 20, kenako muziisuntha pang'onopang'ono uku mukumvetsera pa mahedifoni. Jambulani gitala poyamba, mawu pambuyo, chilichonse pamzere wakewake m'pulogalamu yojambulira, kuti mudzathe kukweza chimodzi osakhudza chinzake. Pulogalamu ya Audacity ndi yaulere ndipo imakwanitsa ntchito imeneyi.

Pa ndalama zimene mwasunga, musathere zonse pa maikolofoni. Mukufunika sitandi yoima pansi, chifukwa kasitandi ka patebulo sikangafike bwino pa gitala ndipo kamatola kugwedezeka kulikonse kwa tebulo. Mukufunika mahedifoni otseka makutu onse, monga Audio-Technica ATH-M20x, kuti gitala imene mukumvetsera isadonthere m'maikolofoni. Mukufunikanso kasiponji kovala kumutu kwa maikolofoni kapena kansalu kotchinga mpweya kotchedwa pop filter, pakuti Chichewa chili ndi ph, th ndi kh wambiri, ndipo mpweya wotuluka pa zilembo zimenezi umamenya maikolofoni mwamphamvu mukayandikira. Kuimba molozetsa pakamwa pambali pang'ono kumathandizanso. Mudzaonanso kuti mukayandikira kwambiri mawu amanenepa, besi n'kuchuluka. Limeneli ndi khalidwe la maikolofoni za cardioid, ndipo mankhwala ake ndi kubwerera m'mbuyo masentimita awiri kapena atatu.

Chipindacho mukhoza kuchikonza ndi zimene muli nazo kale. Pachikani bulangete lochindikala kumbuyo kwanu, chifukwa kumeneko n'kumene maikolofoni yaloza, yalani mkeka kapena kapeti pansi, tsekani makatani, ndipo ngati n'kotheka imikani matilesi pakhoma limene lili pafupi. Mathireyi a mazira amene ena amamata pakhoma sathandiza kwenikweni ndipo saletsa phokoso lochokera kunja. Mvula ikamagwa pa malata palibe maikolofoni imene ingakupulumutseni, choncho m'miyezi ya dzinja muzijambula kukacha bwino kapena usiku kunja kuli zii. Poika gain, imbani mbali imene mumakweza mawu kwambiri ndipo muonetsetse kuti mita ya mawu m'pulogalamu yojambulira ikufika cha pa madesibelo -12 mpaka -6, osagunda 0, chifukwa mawu akasweka pamenepo sakonzekanso. Mukamva kulira kwa "mmm" kosalekeza m'zimene mwajambula, zulani chaja ya laputopu n'kuyesanso pa batire, pakuti nthawi zambiri gwero lake limakhala limenelo.

Mukamagula, makamaka ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, pitani ndi laputopu yanu ndi mahedifoni. Yesani polumikizira pa USB ndi pa XLR ngati wogulitsa ali ndi mikisa, gwedezani chingwe pang'ono pamene chalowa kuti mumve ngati mawu akudukaduka, ndipo jambulani masekondi 20 muli chete kuti mumve kuchuluka kwa phokoso la maikolofoniyo musanapereke ndalama.