Mwana wabwera ndi homuweki ya chigaza, ndimuuze chiyani?

Mayi wina wa ku Dedza amene akukhala ku Leeds, ku England, wanditumizira imelo. Mwana wake wamkazi wa zaka 8 wabwera kuchokera kusukulu ndi pepala lojambulidwa chigaza cha munthu kuti achipake mitundu yowala, ndipo sabata yamawa akafotokoze m'kalasi mmene anthu a m'mayiko osiyanasiyana amakumbukirira akufa awo nyengo ino. "Mtima wanga suli m'malo," akutero. "Kwathu mwana sayandikira kumanda. Kodi izi si zamizimu?"

Achemwali, mtima pansi. Chigaza chamaluwamaluwacho n'cha ku Mexico, ndipo eni ake sachijambula kuti aopseze munthu.

Yambani ndi nyengo, chifukwa m'pamene ana athu amasokonezeka. Seputembala mpaka Novembala, pamene kumudzi dzuwa likuswa mtengo ndipo anthu akusosa m'minda, kumpoto kwa dziko lapansi ndi masika. Akolola, masamba akuyoyoka, usiku ukutalika. Nkhokwe zikadzaza, mitundu yambiri imakumbukira amene analima minda imeneyo kale.

Ku Mexico mwambowu umatchedwa Día de Muertos. Pa 1 Novembala amakumbukira ana amene anamwalira, pa 2 Novembala akuluakulu. Banja limakonza tebulo lapadera m'nyumba, lotchedwa ofrenda. Pamwamba amaikapo zithunzi za malemu, m'munsi makandulo, mchere, kapu yamadzi poti mlendo wochokera kutali amafika ndi ludzu, buledi wozuna wotchedwa pan de muerto, ndi chakudya chimene malemuwo ankachikonda ali moyo. Ngati agogo ankakonda kachakumwa kenakake, botolo limaikidwa pompo popanda manyazi. Maluwa achikasu onunkhira kwambiri, cempasúchil, amawathothola n'kuwamwaza pansi kuchokera pakhomo mpaka patebulopo, kuti wobwerayo asasochere. Tizigaza ta shuga amatilemba mayina pamphumi, ngakhale a amoyo, ndipo ana amapatsana ngati mphatso. Kuchigawo cha Michoacán, pachilumba cha Janitzio, mabanja amachezera kumanda usiku wonse pakati pa makandulo. Kudera lomwelo agulugufe a mtundu wa monarch amafika m'masiku omwewa kuchokera ku Canada ndi ku United States, ndipo ena amati ndi mizimu ya abale ikubwerera. Ana amaikonda kwambiri nkhani ya agulugufeyi. Bungwe la UNESCO linalemba mwambowu m'kaundula wake wa miyambo ya anthu mu 2008, chaka chomwecho chimene linalembamo Gule Wamkulu wathu.

Masiku awiriwo anachokera ku tchalitchi. Akatolika amakumbukira oyera mtima onse pa 1 Novembala ndi okhulupirira onse amene anamwalira pa 2 Novembala, tsiku limene linafalitsidwa ndi Odilo, mkulu wa amonke a ku Cluny ku France, zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Asipanishi anapita nazo ku Mexico n'kupeza eni dziko ali ndi miyambo yawoyawo ya akufa, zinthuzo n'kusakanikirana. Ku Poland, pa 1 Novembala anthu amayenda mitunda italiitali kukayatsa makandulo a m'magalasi pamanda a makolo, mwakuti usiku manda amawala ngati tauni. Ngati m'kalasi mwa mwana wanu muli mnzake wa ku Poland, ndipo ku Leeds si chachilendo, amufunse za znicze, dzina la makandulowo.

Za Halloween ya pa 31 Okutobala sindichedwapo. Mizu yake ili ku Ireland ndi ku Scotland, koma imene mukuiona m'mashopu lero ndi ya maswiti, maungu ndi zovala zoopsa. Kukumbukira malemu mulibemo kwenikweni, ndipo mwana adziwe kuti ndi yosiyana ndi ya ku Mexico ija.

Ku Asia nkhani ndi mpunga. Ku Korea, pa Chuseok, mwezi ukakhala wathunthu cha mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, anthu amapita kumudzi, amalambula udzu pamanda, n'kupereka kwa makolo mpunga watsopano ndi timakeke ta ufa wampunga, songpyeon. Ku Cambodia, Pchum Ben amatenga masiku 15, ndipo anthu amapita ku akachisi achibuda mbandakucha ndi timibulu ta mpunga topatsa mizimu yanjala. Ahindu ku India ali ndi Pitru Paksha, milungu iwiri imene amapereka chakudya kwa makolo, china n'kusiyira akhwangwala. Khwangwala akadya, banja limasangalala kuti chakudya chalandiridwa.

Tsono kodi n'zamizimu? Eni ake ambiri amakhulupiriradi kuti malemu amabwera, sindingakubisireni. Koma kuphunzira kuti Mkoreya amalambula pamanda si kupembedza, ndipo inu a ku Dedza zimenezi si zachilendo. Mumadziwa kukasesa kumanda, mumadziwa chiliza, mowa ndi thobwa zikuphikidwa m'migolo, abale akubwera kuchokera ku Lilongwe ndi ku Joni. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu manda ndi malo aulemu ndi mantha, kumene munthu sulowa wamba popanda a mfumu kudziwa, pamene ku Mexico mwana amakhala pambali pa manda a agogo ake akudya buledi. Muuzeni mwanayo zonse ziwiri monga zilili. Ngati chikhulupiriro chanu sichilola chigazacho, lembani kakalata kwa aphunzitsi kuti mwanayo ajambule maluwa kapena agulugufe.

Ine ndikanakhala inu, ndikanatulutsa chithunzi cha agogo ake, n'kumuuza dzina lawo, mfunda wawo, mudzi umene agona, ndi ndiwo zimene ankazikonda. Kenako muphike ndiwozo, kaya ndi nkhwani wotendera, mudye naye. Lolemba akaimirira m'kalasi, atatha Mexico ndi Korea, afotokozenso za chiliza cha ku Dedza.